A Hutala ndi Bakha Wamutu Wobiriwira

A Hutala anathyoka mwendo potsika lole yawo yomwe. Sikuti kunachitika ngozi ya pamsewu ayi. Munthu woti wayendetsa malole kuyambira ali mnyamata mpaka imvi kuti mbuu, wosagundapo ngakhale nkhuku, anangoponda pamene wina anatayira oilo m'bwalo la kampani, n'kugwa chagada, fupa la m'munsi mwa bondo n'kumveka kuti thyo! Anzawo amati kukuwa kwawo tsiku limenelo kunamveka mpaka kugeti, ndipo palibe anadabwa. Dzina lakuti Hutala analipatsidwa chifukwa cha mawu omwewo: akamati akunong'ona, a nyumba yachitatu ankayankha.

Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, n'kuwauza kuti akakhale pansi. Kukhala pansiko ndiye kunawakanika. Poyamba ankangogona. Tulo titatha anayamba kukangana ndi wailesi. Kenaka anatembenukira kwa akazi awo: katani yapendekeka, tiyi wazizira, chitseko cha kabati chikulira ngati mwana wa mphaka.

"Bambo, mukapanda kupeza chochita ine ndikusiyani pompano, ndikakhale kwa mwana," anatero mayiwo tsiku lina atafika nazo pakhosi. Mwana ankanenayo anali wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye, wokwatiwa ndi mnyamata wometa anthu tsitsi, ndipo nthawi imeneyo anali ndi pakati koyamba.

Chochita chinadzipezeketsa chokha. A Hutala akufunafuna mabatire a wailesi m'dirowa ya pansi, anakoka chitini cha mabisiketi. Anachitsegula malovu ali m'kamwa, koma m'katimo munalibe ngakhale nyenyeswa. Munali timitolo ta ulusi wamitundumitundu, singano zazifupi zosasongoka kwenikweni, kamkombero kamtengo kofanana kukula ndi chivundikiro cha kapoto, tizidutswa ta nsalu yoyera yolimba yokhala ndi timabowo tondandana, ndi mapepala ojambulidwa timabokosi tating'onoting'ono.

"Amayi! Izi ndiye ziti?"

"Zopetera nsalu. Ndinagula kalekale, maso n'kundikana."

"Amatani nazo?"

Mayiwo anapukuta manja, n'kukhala pamkono wa mpando. Anamanga kansalu pamkombero mpaka kanati gwa ngati chikopa cha ng'oma. Kabokosi kalikonse ka papepala, anawafotokozera, ndi kamtanda kamodzi pansalu. Singano ituluke pabowo ili, ilowe pa lomwe lili chapamwamba chakumanja, ibwerere, idutse pamwamba pa ulusi woyamba uja. Kamtanda katha. Ukatero upite pa kena.

"Basi?"

"Basi. Koma si za zala ngati zanuzo, zokhala ngati masipanala."

Mawu amenewo ndi amene anayambitsa zonse. A Hutala anavala magalasi awo owerengera, n'kutsamira pazenera.

Zoyamba zinali zochititsa manyazi. Ulusi unkapotana, kumbuyo kwa nsalu kunali mfundo zokhazokha ngati chisa cha mbewa, ndipo duwa limene ankatsatira papepala linatuluka ngati dzira loswekera pansi. Anasolola ulusi wonse, n'kuyambiranso. Ali m'kati mwa kuyambiranso kachitatu, china chake chinatseguka m'mutu mwawo. Pepalali, anaona, ndi mapu. Upita timabokosi takuti kutsogolo, ukhotera kumanja, ubwerera m'mbuyo osagunda mnzako. Nanga si ntchito yomwe ija ya kulowetsa lole chafutambuyo pageti yopapatiza? Kuyambira pamenepo singano inayamba kuwamvera.

Maluwa a m'mapepala aja sanawakomere. Anapempha pepala la masamu la timabokosi kwa aneba, n'kujambulapo lole yawo: mutu wofiira, thupi lotuwa, matayala akuda, kagalasi kabuluu. Itatha kupetedwa inali yaing'ono ngati bokosi la machesi. A Hutala anaiyang'ana chapafupi, kenaka chapatali.

"Amayiii! Thamangani!"

Mayiwo anabwera ndi liwiro, thovu la sopo lili m'manja, akuganiza kuti munthu wagwanso.

"Taonani! Taonani tayala lakumbuyoli! Lozungulira ndithu!"

"Mwandithamangitsira tayala?" Koma atakayandikitsa kumaso kansaluko anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ii, koma ndi yomweyo! Ndi kupindika kwa bampala komwe!"

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munalibenso nsalu yokhala pamtendere. Pangodya ya mpango wawo wa m'thumba panamera tambala. Pathumba la epuloni ya mayi panabwera ketulo yotulutsa nthunzi. Kansalu kophimbira shuga kanalandira nyerere zitatu zoyenda pamzere, nthabwala imene a Hutala ankaifotokozera mlendo aliyense ngakhale asanafunse. Zinali zing'onozing'ono zonse, zoti ukayamba m'mawa dzuwa likamapendeka watha, ndipo kukoma kwake kunali komweko. Chimodzi chikamatha, m'mutu munali mutabwera kale zina ziwiri. Tiyi ankazizirira pambali, iwo osadandaula. Mayiwo bulauzi yawo yatsopano anaibisa pansi pa sutikesi.

Tsiku lina kunabwera mnzawo woyendetsa thanki ya mafuta kudzawazonda. Anawapeza mwendo uli pampando, mkombero uli m'manja, kaulusi kofiira kakulendewera pandevu.

"Achimwene, kodi munathyoka mwendo kapena mutu?" anafunsa mnzawoyo, n'kuseka mpaka misozi. "Ndikakanena ku kampani palibe akandikhulupirire."

"Kaneneni. Muwauzenso kuti inu simungapise ulusi pasingano ngakhale atakuyatsirani magetsi onse a lole."

Anacheza, anaseka, mlendo n'kutsanzika. Atafika pakhomo anaima, n'kubwerera, n'kuyang'ana kukhitchini ngati mayi akumva.

"Thanki ingatheke?" anafunsa chapansipansi. "Yoyera, mzere wachikasu m'mbali. Pampango chabe. Si za ine ayi, ndi za mayi akunyumba."

Koma ntchito imene a Hutala anaikapo mtima wawo wonse inali ya mdzukulu amene ankabwera. Mayi anawasokera kansalu komanga m'khosi mwa mwana akamadya, ndipo iwo anapetapo bakha wachikasu, wa mlomo wofiirira, akusambira pa timafunde tabuluu. Diso lokha analibwereza kangapo, ati linkaoneka ngati bakhayo ali ndi nkhawa. Mwana wawo atabwera kudzacheza anakagwira kansaluko, n'kukaika pamimba pake.

"Adadi, ndinu nomwe mwapanga izi? Inu amene munkandimanga riboni ngati mukumanga katundu pa lole?"

Mwamuna wake, wometa uja, anaima kumbuyo akumwetulira, chipewa chili m'manja. Anali mnyamata waulemu wake, wosayankhulayankhula, ndipo a Hutala sankadziwa kuti azicheza naye zotani. Malonje akatha, onse awiri ankangoyang'ana khoma. Za malole iye sankazidziwa, ndipo a Hutala, amene dazi linawatha kalekale, analibe chokafuna kumalo ake ometera.

Foni inalira m'mawa wina dzuwa litangokwera. Mayi anali atapita kale kukakhala ndi mwana masiku akumapetowo, ndipo ndi iwo ankaimba.

"Bambo, tili kuchipatala chachikulu. Zayambika. Inu khalani komweko, ndikuuzani zikatha."

"Ndikhale kuno? Ine?"

Anavala malaya mabatani atasemphana. Chitini chija anachiponya m'jumbo, jumbo n'kuikoleka m'khosi poti manja onse anali pa ndodo zoyendera. Anatuluka pamsewu akudumphira mwendo umodzi, n'kuimitsa takisi ndi ndodo. Njira yonse ankamuuza dalaivala pokhota ndi posintha giya, mpaka mnyamatayo anakweza wailesi.

Kunja kwa chipinda chochilira kunali khonde lalitali la makoma obiriwira chakumunsi, lonunkha mankhwala okolopera. M'mbali munali benchi yamatabwa. Pamenepo panakhala mayi wina wachikulire wodikirira mpongozi wake, ndi bambo wina wovala yunifomu ya ulonda, nsapato zili zomasula. Mkamwini yekha ndiye sanakhale pansi. Ankapita kumapeto kwa khonde, n'kubwerera, n'kupitanso, nkhope itatuwa.

"Bambo, mwabwera bwanji ndi mwendowo?" anafunsa atawaona.

"Ndabwera nawo, nanga ndikanausiya? Zili bwanji m'katimo?"

"Sakunena kanthu."

A Hutala anadzigwetsa pabenchi, chikhakha n'kutambalala pakati pa njira moti wokankha machira aliyense ankachita kuchizungulira. Anadikira. Dzuwa linasuntha pazenera. Kenaka chitseko chinatseguka, n'kutulukira mutu wa namwino wamfupi, wa magalasi.

"Bambo a mwana ndi ati?"

Wometa uja anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Mwamuna. Ali bwinobwino."

A Hutala anakuwa mpaka mlonda uja anadzidzimuka. Anaiwala mwendo, n'kufuna kuimirira, ndodo imodzi n'kugwa kuti phofo! Anatulutsa kansalu ka bakha m'chitini n'kumakagwedeza m'mwamba. Koma namwinoyo sanachoke pakhomo.

"Musafulumire, agogo. M'katimo muli winanso."

"Winanso ndani?"

"Mwana. Ndi mapasa. Wachiwiriyu anabisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo wakhala mokhota pang'ono. Adokotala ali momwemo. Dikirani."

Chitseko chinatsekeka. Kuchipatala chaching'ono kumene mwana wa a Hutala ankapita kusikelo kunalibe makina ounikira m'mimba, ndipo onse ankangoti mwanayo ndi wamkulu thupi. Wometa uja anasiya kuyendayenda. Anakhala pabenchi pafupi ndi apongozi ake, koyamba chikwatirireni mwana wawo, n'kuika manja pamaondo. Manja amene tsiku ndi tsiku ankayendetsa lumo pakhosi pa anthu osacheka ngakhale mmodzi anali njenjenje ngati masamba.

Nawonso a Hutala mantha anawagwira. Mawu akuti "mokhota" sanawakonde. Anayang'ana kansalu kali m'manja mwawo, ndipo ganizo limene linawabwerera linali lopusa ndithu, koma analigwiritsa.

"Bakha ndi mmodzi," anatero.

"Bambo?"

"Ana ndi awiri, bakha ndi mmodzi. Mukufuna ayambe kulimbirana katundu tsiku lobadwa lomwe? Gwirani apa."

Anatsegula chitini pamwamba pa chikhakha. Mwamwayi mayi anali atasoka tinsalu tiwiri, kena koyeserera, ndipo kanali momwemo kosapetedwa. A Hutala anakamanga pamkombero, anapisa ulusi wachikasu pasingano, n'kupatsira mkamwini.

"Ine sindinagwirepo singano, bambo."

"Inenso ndinabadwa osaigwira. Tulukirani apa. Ayi, bowo linalo. Eya. Tsopano chapamwamba kumanja. Musakoke ngati mukukoka ngolo, pang'onopang'ono. Bwererani. Dutsani pamwamba pake. Mwaona? Kamtanda kanu koyamba ako."

Kanali kopendekeka, koma kanali kamtanda. Kachiwiri mnyamatayo anadzibaya chala, n'kuchiyamwa, n'kupitiriza. A Hutala ankawerenga timabokosi ndi chikhadabo papepala, akumuuza poyambira mzere ndi pothera. Mzere woyamba utatha, kunjenjemera kuja kunachepa. Pofika wachitatu, zala za wometa zinali zitakumbuka kuti ndi zala zozolowera ntchito yosamala, ndipo timitanda take tinayamba kuima mowongoka, mwinanso kuposa ta mphunzitsi wake.

"Iih, amwene, inu mwandinamiza. Munapetapo."

"Ayi ndithu, bambo. Kungoti zikufanana ndi kudula mzere wa pachipumi. Ukaphonya pang'ono, aliyense aona."

"Ndi zomwe ndimawauza amayi anu! Kabokosi kamodzi kokha, bakha wasanduka nkhuku."

Anaseka onse awiri, n'kudabwa kuti aseka. Mayi wachikulire uja anasendera pafupi kuti aone bwino. Mlonda naye anaimirira kumbuyo kwawo, manja ali kumsana.

"Mchirawo mwaufupikitsa," anatero mlondayo.

"Inu ndi mlonda wa mabakha?" anafunsa a Hutala osatembenuka.

Ankasinthana. Mnyamata akatopa maso, a Hutala ankalandira mkombero, singano n'kumathamanga. Chitseko chikangoti kwee, mitu yonse inkadzuka, koma ankakhala wokolopa kapena namwino wina wothamangira kwina, ndipo mitu inkabwereranso pansalu. Thupi la bakha linatha, phiko linatha, khosi linakwera. Atafika pamutu, a Hutala anapisa dzanja m'chitini, anavundula timitolo tonse, n'kugwira pachipumi.

"Wachikasu watha."

"Watheratu?"

"Thanki ya mnzanga ija ndi imene inandidyera. Mzere wake wa m'mbali uja."

Panali wofiira, wakuda, wabuluu, ndi wobiriwira wambirimbiri, wa masamba a maluwa amene a Hutala anakana kupeta. Anayamba kukangana. Mlonda ankati wofiira. Wometa ankaopa kuti bakha wamutu wofiira aoneka ngati wavulala. Mayi wachikulire uja ndi amene anadula mlandu.

"Ikani wobiriwirawo. Kwathu tinali nawo mabakha otero, mutu wobiriwira wonyezimira. Ndi amene ankatsogolera anzawo."

"Mwamva? Wotsogolera anzake," anatero a Hutala. "Pisani ulusi, amwene, maso anga achita chidima."

Mnyamatayo ndiye anapeta mutu wonse. Anali akumaliza mlomo, lilime lili panja pang'ono, pamene kulira kwina kunamveka kuseri kwa chitseko. Kunali kosiyana ndi koyamba kuja: kopyapyala, kolusa, kosalekeza. Singano inaima m'malere. Onse anayang'ana kuchitseko mpaka namwino wa magalasi uja anatulukira, thukuta lili pamphuno.

"Mkazi. Wavuta, koma wafika. Mayi ake ali bwino, angotopa."

Wometa uja anaimirira, mkombero uli m'manja, n'kuyamba kulira ngati mwana. A Hutala anamukoka malaya, n'kumukumbatira ali chikhalire, akumumenya kumsana ndi chikhatho chawo chachikulu mpaka mnyamatayo anatsokomola. Mayi wachikulire ankaomba m'manja. Mlonda anagwira chanza aliyense, ndi wokolopa yemwe, ngati ana ndi ake.

"Awiri!" ankakuwa a Hutala. "Ndinatuluka m'nyumba ndili wopanda mdzukulu, ndibwerera ndili ndi awiri!"

"Agogo, kuno ndi kuchipatala," anatero namwino, koma naye ankaseka.

Sanawalowetse msanga, ndipo mpata umenewo unawathandiza. A Hutala anaika diso la bakha, wometa n'kupeta timafunde mothamanga, tiwiri tokha m'malo mwa mzere wonse. Ulusi womaliza anaudula ndi mano.

M'chipindamo munali mabedi ondandana, otchingidwa ndi makatani. Mwana wawo anagona chotsamira pilo, tsitsi lili nyankhalala, maso ali ofiira, koma akumwetulira. Mayi anakhala pambali atanyamula kamwana kamodzi, kena kali pachifuwa pa mayi ake. Tinali tating'ono kuposa mmene a Hutala ankaganizira, tankhope tokwinyika, tizibakera titafumbatidwa.

"Ndinati mukhale kunyumba," anatero mayi.

"Munatero."

"Ndiye malayawo mwavala bwanji? Mwayenda m'tauni monse chonchi?"

A Hutala anasendera pafupi. Anatsamiritsa ndodo pabedi, n'kutambasula chala chimodzi. Kamtsikana kaja kanachigwira, osatha n'kuchizungulira komwe. Munthu wa mawu aakulu uja anayesa kuyankhula, koma panangotuluka kamphepo.

Mkamwini ndi amene anatulutsa tinsalu tija, n'kutiyala pabulangeti. Mkazi wake anayang'ana koyamba kaja, kenaka kachiwiri, n'kukweza nsidze.

"Aka kachokera kuti? Bwanji mutu wake uli chonchi?"

"Tapeta panja pompa, ine ndi bambo," anatero mwamuna wake. "Mutuwo ndi ine."

"Iwe? Ine ndikufa ndi ululu muno, iwe uli panja ukusoka bakha?"

"Ndikanatani nanga? Ndikanakomoka."

Mtsikanayo anayamba kuseka, n'kugwira pamimba. "Musandiseketse, zikupweteka!" Anatenga ka mutu wobiriwira n'kukaika pa mwana wamkazi. Kansaluko kanamuphimba kuyambira pachibwano mpaka kumapazi.

"Mwasoka bulangeti, agogo," anatero namwino podutsa. "Zimenezi azidzavala akayamba kudya, ndipo si lero kapena mawa. Panopa chimene akufuna ndi tizipewa, mitu isazizidwe. Tsopano abambo tulukani, odwala apume."

Anatuluka monyinyirika, a Hutala akutembenukatembenuka mpaka ndodo inakola mwendo wa bedi la eni ake. Pakhonde mkamwini anawanyamulira jumbo ija, n'kumayenda pang'onopang'ono kuti afanane nawo. Atafika pamasitepe a panja anawagwira mkono, n'kutsika nawo imodziimodzi.

"Bambo," anatero atafika pansi, "kachipewa kangapetedwe?"

"Sindinayesepo. Nsalu yake ndi yofewa, ilibe timabowo." Anaima, akuganiza, maso akuwala. "Koma titati tipete pakansalu kathu komweka, n'kudula, amayi anu n'kusokerera pachipewapo? Kanthu kakang'ono. Kanyenyezi. Kapena kansomba."

"Wina kansomba, wina kanyenyezi. Tizitha kuwasiyanitsa."

"Eyaa! Ndiye pakufunika wachikasu. Pali sitolo ya amayi ena kuseri kwa depoti, amagulitsa ulusi wamtundu uliwonse. Imitsani takisi, amwene, tikapeze asanatseke."

Mnyamatayo anathamangira kumsewu, jumbo ikulira kumsana, dzanja lili m'mwamba.